Famasi imene inakana kundigulitsa diclofenac wa amayi anga

Anzanga amene mukusamala makolo achikulire muno mu Mzuzu, makamaka amene ali ndi BP ndi shuga, ndati ndilembe za famasi imene ndimagulako mankhwala a amayi chifukwa anthu akhala akundifunsa kuti bwanji ndimachoka ku Chibavi nkudutsa timashopu ta mankhwala tapafupi mpakana mtauni pomwe mitengo yake ndiyokwererapo. Dzina sinditchula, sindikufuna zioneke ngati andilipira kuti ndiwatsatse malonda. Ili chapafupi ndi msika waukulu, ndi yaying'ono ndithu, kauntala imodzi, benchi ya anthu anayi, sikelo pakona, ndi setifiketi ya a PMRA yopachikidwa pakhoma pamene aliyense angawerenge. PMRA ndi bungwe la boma loona za mankhwala lija linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board malamulo atasintha mu 2019, nde mukalowa mu shopu ya mankhwala iliyonse muziyang'ana kaye pepala limenelo.

Chimene ndimapitira kumeneko si mashelefu ayi, mankhwala ake ndi omwewa amapezeka kwina kulikonse. Ndimapitira famasisiti wake, mayi wachikulire pang'ono, amene sakugulitsa mankhwala a munthu wokalamba asanakufunse zaka zake, kulemera kwake, ndi zina zonse zimene akumwa. Poyamba zimatopetsa kumene, iwe wabwera ndi ndalama yako ukufuna kugula nkumapita, koma mvetserani mmene zinayendera kwathu.

Amayi ali ndi zaka 74, anabwera kudzakhala nafe kuchokera ku Kasungu bambo atatisiya. Shuga ndi BP anawapeza kalekale akadali ndi thupi, nthawi imeneyo anali mayi wonenepa wolima yekha fodya ndi chimanga. Mankhwala amene anawalembera nthawi imeneyo ndi omwewo akhala akumwa zaka zonsezi, a shuga metformin wa 500 awiri mmawa awiri madzulo ndi glibenclamide, wa BP enalapril, ndi kapilisi kakang'ono kokodzetsa kaja HCTZ. Mu buku lawo lakuchipatala tsamba ndi tsamba ndi mankhwala omwewo mlingo omwewo, pomwe munthuyo watsika thupi mpaka 50 kg ndipo nsima akudya chipande chimodzi nkusiya. Miyezi yozizira ija, mukudziwa mmene June ndi July amakhalira kuno ndi kamvula kake kosatha, mawondo anayamba kuwavuta kwambiri, nde anali kutuma ana kukagula Indocid pa golosale, tsiku lina Brufen, chilichonse chimene chapezeka. Komanso anayamba kudandaula chizungulire akadzuka, thukuta ndi kunjenjemera cha m'ma 10 mmawa, ndipo tsiku lina anagwa pobwera kubafa, mwamwayi sanathyoke.

Nde ndinapita nawo mtauni kuti ndiwagulire diclofenac chifukwa mnzanga wakuntchito anati ndi amene amathandiza mawondo. Nditangotchula, mayi uja anayang'ana amayi pa benchi nkundifunsa kuti "Ndi a agogowa? Akumwa chiyani china?" Ndinawapatsa buku, anawerenga, kenako anati "Achemwali, diclofenac ameneyu sindikugulitsani lero, koma musapite, ndipatseni mphindi zochepa ndiwaone agogo." Anatuluka kuseli kwa kauntala, anagwada pang'ono kuwapatsa moni amayi mwaulemu, nkuwakweza pa sikelo, nkuwayeza BP atakhala kenako ataimirira. Atakhala inali 128, ataimirira inatsika kufika 104, ndipo anandiuza kuti nambala yapamwambayo ikatsika ndi 20 kapena kuposa munthu akaimirira ndiye chizungulire chija chimachokera pamenepo. Anawabaya chala, shuga inali 64. Anati chilichonse chochepera 70 ndi shuga yotsika, ndipo pompo anatuma mtsikana wothandizira kukagula Fanta, amayi anamwa tili pomwepo, patapita kanthawi anayezanso nkuona kuti yakwera.

Zimene anandifotokozera pa benchi paja ndi zimene zinandipangitsa kuti ndisasinthenso famasi, ndipo ndiyesa kuzilemba mmene ndinazimvera. Mankhwala ambiri tikamwa amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ena amayamba aphwanyidwa ndi chiwindi. Impso zili ngati sefa, ikakalamba ufa umadutsa pang'onopang'ono ndipo wambiri umatsalira pamwamba. Kuyambira zaka za m'ma 40 mphamvu ya impso imayamba kutsika pang'onopang'ono ngakhale kwa munthu wabwinobwino, nde ukaonjezapo shuga ndi BP ya zaka zambiri zimatsika msanga. Pilisi limene thupi linkalitulutsa pofika madzulo tsopano limagona m'magazi mpaka mawa, mawalo munthu wamwanso lina, mankhwala nkumaunjikana. Mlingo umene unali wabwino munthu ali ndi zaka 58 ndi thupi lake, pa zaka 74 ukhoza kukhala wochuluka ngakhale palibe amene walakwitsa kulemba.

Glibenclamide ndiye anamudandaula kwambiri. Anati amakhalitsa m'thupi ndipo amatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye, nde kwa agogo amene akudya pang'ono ndiponso impso zafooka, shuga ikhoza kutsika usiku ali mtulo osadzukanso bwino. Anati ngakhale a WHO pa mndandanda wawo wa mankhwala ofunikira analemba kuti glibenclamide si woyenera kwa anthu opitirira zaka 60, ndipo amene amakonda kupereka m'malo mwake ndi gliclazide. Za Indocid, Brufen ndi diclofenac anati onsewa ndi banja limodzi, amachepetsa magazi opita ku impso, ndipo ukawaphatikiza ndi enalapril komanso pilisi lokodzetsa ndiye impso zapanikizika mbali zitatu nthawi imodzi, osanenanso zilonda za m'mimba zimene zimatha kutulutsa magazi mwakachetechete kwa okalamba, ndi BP imene imakwera nawo. Ine zimandiwawa mpaka pano kuti mapilisi amenewa amagulitsidwa limodzilimodzi pa golosale pambali pa machesi ndi sopo, ndipo amene amawagula kwambiri ndi agogo athu omwewa chifukwa ndi amene mawondo ndi msana zimawapweteka.

Chimene ndinawalemekezera kwambiri ndi choti sanadzipange dokotala. Pa mankhwala olembedwa kuchipatala aja sanandiuze kuti siyani ichi yambani ichi. Anatenga pepala nkulemba kalata yaifupi yopita kwa a kiliniki ya shuga ndi BP, analembamo BP ziwiri zija, shuga ija, kulemera kwawo, kugwa kuja, mapilisi a pagolosale aja, nkupempha kuti ayezedwe creatinine, imene ndi nambala ya m'magazi yoonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, ndipo mlingo uonedwenso. Anadinda chidindo ndi nambala yawo ya foni. Anati tipite tsiku lomwelo kapena mawa lake mmawa osadikira deti ya m'buku, ndipo kufikira titaonana ndi adokotala amayi asadumphe chakudya, shuga wa tiyi kapena Sobo azikhala pafupi ndi bedi, Indocid ayi ngakhale limodzi.

Magazi tinakayezetsa, creatinine inatuluka 1.2. Ine nditaona pepala ndinati basi zili bwino chifukwa nambalayo siinali kutali ndi malire olembedwa pambali. Podikira kulowa kwa adokotala ndinawaimbira mayi a ku famasi aja, nde anandiuza chinthu chimene anthu ambiri sitidziwa. Creatinine imachokera ku minofu, nde gogo wowonda amene minofu inatha amapanga yochepa, nambala yake imaoneka yabwino pomwe impso zatopa. Pali masamu ake amene amawerengera zaka, kulemera, ndi kuti ndi mwamuna kapena mkazi, amawatchula Cockcroft-Gault. Umachotsa zaka pa 140, nkuchulukitsa ndi makilo, nkugawa ndi 72 kuchulukitsa creatinine, kwa mzimayi nkuchulukitsanso ndi 0.85. Kwa amayi zinatuluka pafupifupi 32. Mnyamata wa zaka 30 wa 70 kg amene creatinine yake ndi 1.2 yomweyo amatuluka pafupifupi 89. Pepala la ku labu lofanana, impso zosiyana kutalitali. Ndipo metformin anati nambala imeneyi ikatsika pansi pa 45 mlingo umachepetsedwa, kawirikawiri osapitirira 1000 mg pa tsiku, ikatsika pansi pa 30 amasiyitsa kumene chifukwa akaunjikana amatha kuyambitsa asidi m'magazi, vuto losowa koma loopsa. Amayi anali kumwa 2000 pa tsiku.

Adokotala atawerenga kalata ija ndi zotsatira anasintha okha. Metformin anatsitsa kufika limodzi mmawa limodzi madzulo, glibenclamide anachotsa nkulemba gliclazide wochepa womwa ndi chakudya cha mmawa, pilisi lokodzetsa anayamba aliimitsa, enalapril anamusiya koma anati magazi aziyezedwa pafupipafupi kuphatikizapo potassium. Ndinene apa kuti a kuchipatala anatilandira bwino, sanakwiye kuti famasi yawalembera kalata, anachita kuyamikira. Ine ndimawamvetsa, pa kiliniki ya shuga layini imakhala yaitali kuyambira mbandakucha, munthu mmodzi kuona anthu ochuluka chonchija nkovuta kuti afunse aliyense za Indocid wa pagolosale, ndipo amayi eni akewo akafunsidwa kuti muli bwanji amangoti ndili bwino adokotala, za kugwa kubafa sangazitchule chifukwa amaona ngati ndi ukalamba chabe. Chizungulire chinachepa mkati mwa masabata ochepa, kunjenjemera kwa mmawa kuja kunatheratu, panopa amapita okha ku mvano Lachinayi.

Za mawondo, famasi inatipatsa Panado ndi mafuta opaka, komanso anatilangiza botolo la madzi ofunda lokulunga mu chitenje usiku. Ngakhale Panado yemweyu anati ali ndi malire. Munthu wamkulu wathanzi amatha kumwa awiri kanayi pa tsiku, amene ndi 4 g, koma kwa agogo a 50 kg anati asapitirire mapilisi 6 pa tsiku, ndipo kwa amene chiwindi chili ndi vuto kapena amamwa mowa kwambiri amatsitsanso. Anatichenjeza kuti mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol mkati, nde ukamwa a chimfine nkuonjezera Panado wapitirira osadziwa. Sindinama, Panado sathetsa ululu ngati mmene Indocid ankachitira, amayi amadandaula masiku ozizira ndipo pena amandiyang'ana ngati ndikuwamana dala. Zimenezo zimandipweteka mtima koma ndimakumbuka kuti impso zikafa kotheratu chotsala ndi makina osefa magazi aja a dialysis, ndipo amenewo si chinthu choti gogo wa zaka 74 angachipirire kawiri kapena katatu pa sabata.

Chinthu china chimene amachita, ndipo sindinachionepo kwina, amakuuza kuti ubweretse jumbo yonse. Osati buku lokha ayi, jumbo yeniyeni imene agogo amasungamo mankhwala. Ya amayi titaikhuthula pa kauntala munatuluka zinthu zoti ine sindinkadziwa, tijumbo takale tofufutika zolemba, enalapril wa makampani awiri osiyana mtundu amene amayi ankaganiza kuti ndi mankhwala awiri osiyana nkumamwa onse tsiku lina, Piriton amene ankamwa kuti agone, ndi botolo la mankhwala azitsamba limene mnzawo anawagulira pa msika lolembedwa kuti limachiza shuga, BP, nyamakazi zonse pamodzi. Mayi uja sanawanyoze, anawafunsa mofatsa kuti "Agogo, ili mumamwa kangati?" kenako nkuwafotokozera kuti vuto la botolo lotere ndi loti palibe amene akudziwa zimene zili mkati ndi mlingo wake, nde impso zofooka sizoyeserapo. Piriton anati kwa okalamba amabweretsa tulo tamasana, kusokonezeka mutu ndi kugwa, ndipo kwa azibambo achikulire amene prostate inakula amatha kutseka mkodzo. Zotsalazo anazilongedza mwatsopano, kulemba ndi maka yaikulu, kujambula dzuwa pa za mmawa ndi mwezi pa za usiku chifukwa maso a amayi zilembo zing'onozing'ono saona. Zonsezi sanatilipiritse.

Ndinawatengeranso nkhani ya amalume anga amene ali pa ma ARV komanso anawapeza ndi shuga, iwo anandilola kuti ndifunse. Ma ARV amalandira ku kiliniki yawo, koma metformin akasowa amagula okha. Funso loyamba la mayi uja linali loti akumwa mtundu uti, nditati ndi pilisi limodzi lija ambiri anasinthidwirako kuyambira 2019, limene m'buku amalemba 13A, anati mmenemo muli dolutegravir amene amakweza mlingo wa metformin m'magazi, nde kawirikawiri metformin sapitirira 1000 mg pa tsiku pokhapokha adokotala akuyang'anira bwino. Mulinso tenofovir amene amatuluka ndi impso ndipo kwa ena amazifooketsa, nde munthu akamakula kapena ali ndi shuga ndi BP ndi bwino kupempha kuyezedwa creatinine, chifukwa nambala yotuluka pa masamu a impso aja ikapezeka kuti yatsika pansi pa 50 a kiliniki ali ndi mtundu wina wa ma ARV wokhala ndi abacavir umene amasinthira. Anaonjezanso kuti mankhwala oyera aja a kutentha pamtima, komanso mapilisi a ayironi ndi calcium, amamanga dolutegravir m'mimba kuti asalowe m'magazi, nde amamwa ARV maola awiri asanamwe amenewo kapena maola 6 atamwa. Ndipo amene ali pa mankhwala a TB okhala ndi rifampicin, dolutegravir amachita kumuonjezera kukhala kawiri pa tsiku, osati kuchepetsa.

Mfundo yomalizayi ndiyofunika chifukwa ndikuopa wina awerenga izi nkuyamba kudula pakati mapilisi onse a agogo ake. Ayi chonde. Si mankhwala onse amene amatsitsidwa. Amayi atadwala malungo ndinafunsa ngati LA nayenso achepetsedwe, anati ayi, LA amayendera kulemera, aliyense wopitirira 35 kg amamwa anayi mmawa anayi madzulo masiku atatu, ukachepetsa malungo sachoka. Mapilisi ena olembedwa SR, MR kapena retard anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono, ukawaphwanya kuti uwasakanize mu phala mankhwala onse amalowa kamodzi. Ndipo kusiya mankhwala a BP mwadzidzidzi chifukwa cha chizungulire kukhoza kubweretsa sitiroko. Wosintha mlingo ndi dokotala ataona magazi, ntchito ya famasi ngati iyi ndi kuona kuti china chake sichili bwino nkukubwezera kwa iye uli ndi mfundo m'manja.

Anatiuzanso za masiku odwala. Agogo akayamba kutsegula m'mimba kapena kusanza osatha kudya ndi kumwa, thupi limauma ndipo metformin, enalapril ndi okodzetsa amasanduka oopsa ku impso masiku amenewo, nde tisamangowakakamiza kumwa mapilisi ngati tsiku wamba, tiwapatse thanzi ORS ndipo tithamange nawo kuchipatala kapena tiimbe foni tifunse. Zinatichitikira dzinja lapitali, ndinaimba madzulo, anayankha nkutiuza kuti tisagone nawo kunyumba.

Tsopano zimene sizindisangalatsa, chifukwa zilipo. Mitengo ndiyokwera poyerekeza ndi timashopu ta kumakomboni, makamaka timapepala toyezera shuga, ndipo kwa banja limene likudalira malipiro amodzi kusiyana kumeneko kumamveka pakutha pa mwezi. Gliclazide amawathera nthawi zina, ukafika nkuuzidwa kuti katundu akuchokera ku Lilongwe sabata yamawa, pomwe iwo omwe ndi amene anatiphunzitsa kuti tisabwerere ku glibenclamide, nde umayamba kuzungulira tauni yonse mpaka ku Katoto kusaka. Kuyeza creatinine sachita, amangoyeza shuga ndi BP, nde uyenera kupita kwina nkubweranso, amene kwa gogo wa mawondo opweteka ndi ulendo wolemetsa, kukwera ndi kutsika taxi kokhako ndi ntchito. Pakhomo pali masitepe awiri opanda chogwirira, famasi imene makasitomala ake ambiri ndi achikulire imayenera kukonza zimenezi, ndinawauza ndipo mpaka pano sizinasinthe.

Chachikulu ndi chinsinsi. Malo ndi ochepa, nde mafunso onse aja amafunsidwa anthu ena ali pa benchi lomwelo akumva. Za shuga ndi BP palibe vuto kwenikweni, koma nkhani ya amalume ndinachita kudikira anthu atuluke kaye, ndipo ndikudziwa kuti wina akafunsidwa pagulu kuti mukumwa ma ARV angoyankha kuti ayi, kenako nkupatsidwa malangizo olakwika. Kachipinda kakang'ono kapena ngakhale katani chabe ingathandize kwambiri. Komanso ubwino wonse ndanenawu uli pa munthu mmodzi. Mayi uja akachokapo, anyamata otsalawo ndi aulemu ndipo amagulitsa zimene zalembedwa bwinobwino, koma mafunso aja safunsa, tsiku lina ndinaona bambo wachikulire akugula Brufen paketi yathunthu popanda womufunsa kalikonse. Lamulungu satsegula, Loweruka amatseka masana.

Kulipira amalandira kashi, Airtel Money ndi Mpamba, risiti amapereka osachita kupempha. Ngati mukufuna kukapeza mayi amene ndikunenayu pitani mkati mwa sabata mmawa isanakwane 11, ikapitirira pamenepo anthu ochokera ku chipatala ndi mapepala awo amadzaza ndipo sakhala ndi mpata wokhala nanu pansi. Mutenge agogowo ngati angathe kuyenda, buku lakuchipatala ngakhale lakale lodzaza lija, jumbo yonse ya mankhwala kuphatikizapo azitsamba ndi a pagolosale, ndi pepala la magazi lomaliza ngati lilipo. Kwa amene amalankhula Chitumbuka chokha musadandaule, ndinawamva akufotokozera agogo ena ochokera ku Ekwendeni m'Chitumbuka kuyambira poyamba mpaka pomaliza.